Kodi malungo amene akupha kambalame ka ku Kauaʻi angagwire ana anga?

Kalata iyi yachokera kutali, kwa mayi wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito ya unamwino pa chilumba cha Kauaʻi, ku Hawaiʻi. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Mwezi watha ine ndi bambo a kunyumba tinatenga ana kukayenda kumapiri a Kōkeʻe. Tili m'nkhalango tinaona kambalame kakang'ono kachikasu kakumwa m'maluwa ofiira. Bambo wina amene tinakumana naye m'njira anati dzina lake ndi ʻanianiau, kamapezeka pa chilumba chino chokha, ndipo kakutha ndi malungo. Mtima wanga unagunda. Ine malungo ndinakula nawo, ndipo ndasamalirapo ana ambiri m'wodi chifukwa cha matenda amenewa. Tsiku limenelo udzudzu unatiluma tonse. Kodi ana anga ali pachiopsezo? Ndamvanso kuti akumwaza udzudzu wina ndi helikopita m'nkhalango momwemo. Zimenezi ndi nzeru? Nanga kambalameko kalekeranji kuthawira ku chilumba china? Mwana wanga wamkazi wakakamira kuti tiziikira mbalamezi madzi a shuga pakhonde. Chonde ndithandizeni."

Zikomo Mayi polemba, ndipo pepani ndi nkhawa imene mwakhala nayo masabata onsewa. Munthu amene anaonapo mwana akukomoka ndi malungo sangamve dzina la matendawa n'kungodutsa. Ndiyambe ndi ana: mtima ukhale m'malo. Malungo amene akupha mbalame ku Kōkeʻe sagwira munthu. Kachilombo kake ndi Plasmodium relictum, kapachibale ndi Plasmodium falciparum amene mumalimbana naye kwathu, koma kamakhala ndi kuswana m'thupi la mbalame ndi la udzudzu mokha. Kakalowa mwa munthu sikapeza pogwira. Udzudzu wake ndi winanso. Malungo a anthu amayenda ndi Anopheles, ndipo Anopheles sanakhazikike ku Hawaiʻi. Umene ukufalitsa malungo a mbalame ndi Culex quinquefasciatus, umene mumaudziwa bwino ngakhale dzina likhale lachilendo: ndi uja wofiirira umene umaswana m'ngalande za madzi oipa ndi m'zimbudzi zokumba, n'kumalira m'khutu usiku wonse.

Popeza ndinu namwino, ndikuuzeni zimene zili zoyenera kuziopa kumeneko. Udzudzu wa mtundu wa Aedes, woluma masana, ulipo ndipo ungafalitse dengue. Matendawa anabukapo pa chilumba chachikulu cha Hawaiʻi mu 2015 mpaka 2016. Mitsinje ndi zithaphwi za ku Kauaʻi zimakhalanso ndi tizilombo ta matenda a leptospirosis, timene tingalowere pa bala, choncho mwana wa bala kuphazi asamasewere m'madzi amenewo. Mwana akatentha thupi, kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi mkati mwa masabata awiri kapena atatu chichokereni kunkhalango, pitani naye kwa dokotala ndipo munene kuti analumidwa ndi udzudzu kapena anaoloka mtsinje. Chachikulu kuposa zonsezi ndi ulendo wobwera kumudzi. Ana okulira kunja alibe chitetezo chilichonse ku malungo a kwathu, ndipo chanu chomwe chimachepa mukakhalitsa kunja. Mankhwala oteteza muziyamba musananyamuke, ndipo kutentha thupi kulikonse mutabwerera kuzitengedwa ngati malungo mpaka magazi atayezedwa.

Tsopano kambalameko. Mwina bambo aja ananena zoona, chifukwa ku Kōkeʻe ndi kwawo kwa ʻanianiau, koma kumeneko kuli timbalame tina tachikasu kapena tobiriwira timene timasokoneza ngakhale ozolowera. ʻAnianiau ndi wamng'ono kuposa abale ake onse amene atsala: kutalika kwake ndi masentimita 10 ndipo amalemera magalamu pafupifupi 10. Wamphongo ndi wachikasu chowala thupi lonse, wamkazi ndi wotuwirako, wopita ku mtundu wobiriwira. Mlomo wake ndi waufupi, woonda, wopindika pang'ono chabe. Chizindikiro chimene ine ndimadalira ndi nkhope: ndi yachikasu yonse, yopanda kamzere kakuda pakati pa diso ndi mlomo. Mukaona kamzere kakuda kameneko ndi mlomo wonenepa wopindika kwambiri, ameneyo ndi ʻamakihi wa ku Kauaʻi. Mukaona nkhope yakuda, mlomo waufupi wotuwa ndi mchira wa mphanda, mwachita mwayi waukulu, ameneyo ndi ʻakekeʻe, amene watsala pang'ono kutheratu. Ndipo mukaona kamkombero koyera kuzungulira diso, kameneko ndi kambalame kochokera ku Japan kamene anthu anabweretsa mu 1929, kamene tsopano kali ponseponse mpaka m'tauni.

Maluwa ofiira munawaona aja ndi a mtengo wa ʻōhiʻa lehua, umene ndi msana wa nkhalango yonse ya kumeneko. Duwa lake ndi kamtolo ka tiulusi tofiira, ndipo timadzi totsekemera timakhala m'kakapu ka pansi pake. Lilime la ʻanianiau ndi lopindika ngati kapaipi, lokhala ndi timanyenje kunsonga, ndiye amalowetsa mlomo pakati pa tiulusito, kumwa, n'kudumphira pa duwa lina mungu uli mbuu kumutu. Amamwanso m'maluwa a zitsamba monga ʻōhelo ndi kanawao. Timadzi tokha sitimanga thupi, choncho amatolanso mbozi, akangaude ndi tizilombo tina m'masamba, makamaka nthawi yolera ana. Chisa amamanga m'nthambi za ʻōhiʻa momwemo, kuyambira cha mu February mpaka June, ndipo kawirikawiri amaikira mazira atatu.

Mukamuyang'ana akumwa mungaganize kuti ndi mbale wa choso wa kwathu. Ayi, si pachibale. Kholo lake linali kambalame kodya njere kochokera ku Asia, kamene kanafika pa zilumbazi zaka zoposa 5 miliyoni zapitazo. Kanapeza nkhalango zopanda mbalame zambiri zolimbirana nazo chakudya, ndipo zidzukulu zake zinagawana ntchito: zina zinakhala ndi milomo yoswa njere, zina yogoba makungwa, zina yaitali yomwera m'maluwa. Panatuluka mitundu yoposa 50. Lero yatsala 17 yokha. ʻAnianiau ali ndi nthambi yakeyake pa banja limeneli, ndipo asayansi amamutcha Magumma parva. Akatha iye, palibenso wina wa nthambi imeneyo.

Funso lanu loti alekeranji kuthawa ndi limene lili pamtima pa nkhani yonse, ndiye ndichedwapo.

Zilumba za Hawaiʻi zinalibe udzudzu ngakhale umodzi kufikira m'zaka za m'ma 1800. Culex anafika cha mu 1826, m'migolo ya madzi ya sitima imene inakocheza ku Lahaina pa chilumba cha Maui. Kachilombo ka malungo kanabwera pambuyo pake, m'magazi a mbalame zochokera kunja zimene anthu ankabweretsa. Mbalame za kwathu kuno nazo zili ndi tizilombo ta mtundu umenewu. Pa zaka zimene ndakhala ndikutchera maukonde, kuika mphete ku miyendo ya mbalame ndi kuyeza kadontho ka magazi ake pa maikulosikopu, ndapeza tizilomboti kambirimbiri mwa mbalame zonenepa, zathanzi, zimene zili kalikiliki kulera ana. Zinakulira limodzi ndi matendawa kuyambira kalekale, ndiye thupi limadziwa kuwagwira pakhosi. Mbalame za ku Hawaiʻi zinakhala zaka mamiliyoni osakumana nawo. Pamene akatswiri anayesa pa ʻiʻiwi, mbalame yofiira ya m'banja lomweli, anapeza kuti kulumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wa kachilombo kunapha mbalame 9 mwa 10.

Kale ʻanianiau ankapezeka m'nkhalango za chilumba chonse. Udzudzu utadzaza m'zigwa, otsala anali okhawo a pamwamba pa phiri, ndipo chimene chinawapulumutsa ndi kuzizira. Inu a ku Dedza mukudziwa kusiyana kwa usiku wa kwanu ndi usiku wa ku Salima kapena ku Nsanje pa nkhani ya udzudzu. Zimene zinachitika ku Kauaʻi ndi zomwezo. Kachilombo ka malungo a mbalame kamafunika masiku angapo m'mimba mwa udzudzu kuti kakhwime n'kufika m'malovu ake, ndipo kukazizira kutsika madigiri 13 kamalephera kumaliza ulendo umenewu. Malo athyathyathya a pamwamba pa phiri otchedwa Alakaʻi, amene mbali yake yaikulu ili pakati pa mamita 1,100 ndi 1,500, anali ozizira mokwanira. Ndi malo a madambo, nkhungu ndi ndere zolendewera m'mitengo, pafupi ndi nsonga ya Waiʻaleʻale imene imalandira mvula yoposa mamilimita 9,000 pachaka. Kumeneko mbalame zinakhala mwamtendere kwa zaka zambiri.

Tsopano kwayamba kufunda. Usiku sukuziziranso ngati kale, ndipo mvula yasintha kagwedwe. Poyamba mvula yamphamvu inkakokolola mphutsi za udzudzu m'mitsinje pafupipafupi; masiku ano mitsinje imaphwa n'kusiya timadzi todikha m'miyala, mmene mphutsi zimakula mosatekeseka. Udzudzu wakwera phiri. Ku Maui mbalame zingakwereko pang'ono, chifukwa phiri la Haleakalā ndi lalitali mamita 3,055, ndipo phiri la Mauna Kea pa chilumba chachikulu limapitirira mamita 4,200. Koma Kauaʻi ndi chilumba chakale chimene mvula yachiperesa kwa zaka 5 miliyoni. Nsonga yake yaitali, Kawaikini, ndi mamita 1,598 okha. Mbalame zafika kale pamwamba penipeni, kulibenso kokwera.

Nanga kuoloka nyanja? Chilumba chachikulupo chapafupi ndi Oʻahu, ndipo pakati pake pali makilomita oposa 100 a madzi okhaokha. Kambalame ka magalamu 10, kozolowera kudumpha kuchoka pa duwa kupita pa duwa, sikanyamuka ulendo woterowo. Katati kafike, kakapeza mapiri aafupi kuposa a kwawo, odzaza udzudzu womwewo.

Pamene ndinagwirako ntchito ndi anzathu a ku Alakaʻi ndinaona ndi maso zimene matendawa amachita. Mbalame ikakodwa mu ukonde timaiika m'kathumba ka nsalu, kuipima, kenako kuigoneka chagada m'dzanja, khosi lili pakati pa zala ziwiri, n'kuuzira nthenga za pachifuwa kuti khungu lioneke. Yathanzi imakhala ndi mnofu wodzaza mbali zonse za fupa la pachifuwa, imajompha chala, ndipo mtima wake umagunda mwachangu moti umaumva m'chikhatho. Yodwala malungo fupa lija limatuluka lakuthwa, nthenga zimanyankhalala, maso amatsinzina, ndipo kadontho ka magazi kochokera pa mtsempha wa phiko kamatuluka kotuwa, kamadzimadzi. Inu mukuchidziwa chithunzi chimenechi, ndi kuchepa kwa magazi. Zikafa, chiwindi ndi kapamba zimapezeka zotupa ndi zakuda. Pali matenda enanso oyenda ndi udzudzu womwewo, a zotupa zonga njerewere kumiyendo ndi kuzungulira maso, moti mbalame zina timazigwira zitaduka zala. Koma zodwala zambiri sitiziona n'komwe. Zimangogwa mu ndere pansi pa mtengo, ndipo chimene wowerenga mbalame amazindikira chaka chotsatira ndi chakuti pamalo pamene ankamva mawu khumi akumva atatu.

Sindikubisirani, chiwerengero chikutsika moopsa. Pakati pa 2008 ndi 2018 ʻanianiau ndi ʻamakihi wa ku Kauaʻi anachepa ndi oposa 60 pa 100 alionse ku Alakaʻi, ndipo mu 2023 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linawakweza kuchoka pa gulu la zamoyo zosatetezeka kupita pa gulu la zimene zili pangozi yakutha. Mbale wawo ʻakikiki ndi amene akusonyeza kumene njira imeneyi ikulowera: mu 2018 analipo pafupifupi 450 m'nkhalango, pofika 2023 ankadziwika asanu okha. Chaka chomwecho boma la America linalengeza kuti mbalame zinayi za ku Kauaʻi zinatha, kuphatikizapo ʻōʻō amene mawu ake anamveka komaliza mu 1987. ʻAnianiau sanafike pamenepo. Alipobe masauzande, akuswanabe, ndipo n'chifukwa chake munatha kumuona pa ulendo wa tsiku limodzi muli ndi ana. Kwa iye nthawi yochitapo kanthu ikadalipo, ngakhale si yambiri.

Tifike pa helikopita. Ndikumvetsa kuti kwa munthu amene wagawapo maneti ndi kuphunzitsa amayi kukwirira zithaphwi, kumva kuti wina akumwaza dala udzudzu kumamveka ngati misala. Koma ine ndikuima nayo ntchito imeneyi, ndipo ndikufotokozereni chifukwa chake.

Udzudzu umene akumwazawo ndi wamphongo, ndipo wamphongo suluma munthu kapena mbalame. Umamwa timadzi ta zomera. M'thupi mwake muli bakiteriya wotchedwa Wolbachia. Ameneyu si wopangidwa ndi anthu, amapezeka mwachilengedwe mwa tizilombo tambirimbiri touluka ndi tokwawa padziko lonse, ndipo Culex wa ku Hawaiʻi ali naye kale. Nkhani yagona pa mtundu wake. Wamphongo akakhala ndi mtundu wa Wolbachia wosiyana ndi wa wamkazi, amakwerana bwinobwino, wamkazi amaikira mazira, koma mazirawo saswa. Ndipo wamkazi wa Culex nthawi zambiri amakweredwa kamodzi kokha pa moyo wake. Choncho akatswiri amaweta udzudzu wa mtundu womwewo wokhala ndi Wolbachia wina m'labotale ku California, kupatula amphongo, kuwatumiza pa ndege, n'kuwaika m'timakapu ta pepala towola tokha, kalikonse pafupifupi 1,000. Helikopita imagwetsa timakaputi m'nkhalango zimene munthu sangafikemo wapansi. Cholinga n'chakuti amphongo obwerawo achuluke kuposa am'tchire, mwina kakhumi, kuti akazi ambiri akumane ndi iwo. M'badwo wotsatira umachepa, wotsatirawo n'kucheperanso. Majini a udzudzu sasinthidwa. Ntchitoyi, imene ikuyendetsedwa ndi mgwirizano wa mabungwe wotchedwa Birds, Not Mosquitoes, inayamba ku Maui mu November 2023 ndipo inafika ku Kauaʻi kumayambiriro kwa 2025.

Anthu ena kumeneko akuikayikira, ndipo gulu lina linapita kukhoti kukatsutsa ntchito ya ku Maui, koma khoti linalola kuti ipitirire. Mafunso awo si opusa, ndipo ena ndi anu omwewo. Kodi mileme ndi mbalame zidzadya chiyani udzudzu ukachepa? Pamenepa yankho ndi losavuta: udzudzu ndi mlendo wa zaka 200 zokha, ndipo zamoyo za pa zilumbazi zinakhala zaka mamiliyoni popanda iwo, mleme wa ku Hawaiʻi umadalira kwambiri agulugufe ausiku ndi tizikumbu. Kodi Wolbachia angalowe mwa munthu? Ayi, amakhala m'maselo a tizilombo, ndipo anthu akhala akulumidwa ndi udzudzu wokhala naye kuyambira kale. Nanga wamkazi akapulumuka popatula paja? Zimenezi zingachitike mwa apo ndi apo. Kwa inu, kumeneko ndi kulumidwa kumodzi monga kwina kulikonse. Vuto lake lili pa ntchito yeniyeniyo: akazi otere atachuluka, mtundu watsopano wa Wolbachia ungakhazikike m'tchire, mazira n'kuyambanso kuswa, ndiye pangafunike kusintha mtundu. N'chifukwa chake amatchera misampha ya udzudzu m'nkhalango ndi kumayeza zimene agwira.

Chofooka chenicheni cha njirayi, chimene ine chimandidetsa nkhawa, n'chakuti sichiza kotheratu. Mukasiya kumwaza, udzudzu wa m'zigwa umakweranso. Imafuna ndalama za helikopita, za labotale ndi za antchito sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, ndipo ndalama zotere zimadalira andale amene amasintha maganizo. Nyengo ya ku Alakaʻi nayo siigonjera munthu. Nkhungu ikatseka, ndege siuluka. Ndiponso papita nthawi yochepa kuti tinene motsimikiza kuti mbalame zayamba kuchuluka. Choyamba kuoneka chidzakhala kuchepa kwa udzudzu m'misampha, kenako kuchepa kwa kachilombo m'magazi a mbalame zazing'ono, ndipo chiwerengero cha mbalame chidzabwera pomalizira.

Mwina mukufunsa ngati panalibe njira yodziwika kale. Mankhwala a malungo amagwira ntchito pa mbalame ya m'khola, ndipo malo osungira nyama amawagwiritsa ntchito, koma simungamwetse mbalame masauzande za m'mitengo ya m'dambo, ndipo yochira ingalumidwenso mawa lake. Kupopera mankhwala ophera tizilombo m'nkhalango kungaphe mbozi ndi akangaude amene mbalamezi zimadyetsa ana, pamodzi ndi tizilombo tambiri topezeka kumeneko kokha. Chimene akugwiritsa ntchito m'malo mwake ndi Bti, bakiteriya wa m'dothi amene amapha mphutsi za udzudzu ndi za tintchentche tochepa tapachibale, osakhudza mbalame, nsomba kapena anthu. Amamwaza kuti udzudzu uyambe watsika, amphongo a Wolbachia adzamalize. Kusunga mbalame m'makola kukuchitika ndi ʻakikiki, pa malo a San Diego Zoo Wildlife Alliance ku Maui ndi pa chilumba chachikulu, chifukwa kwa iye zinafika pa mwana wakana phala. Ndi njira yodula, mbalame zina siziswana bwino m'khola, ndipo zobadwira mmenemo sizingabwezedwe kunkhalango imene udzudzu ukadalimo. Kusamutsira mbalame ku mapiri aatali a zilumba zina kumakambidwanso, koma kumeneko kuli eni ake amene akulimbirana maluwa omwewo, ndipo udzudzu ukukweranso komweko.

Udzudzu suli wokha. Nkhumba zam'tchire zimagwetsa zomera zazikulu za hāpuʻu n'kudya mtima wake, ndipo chibowo chotsalacho chimasunga madzi a mvula mmene mphutsi zimaswana. N'chifukwa chake mudzaona mipanda ya waya pakati pa nkhalango. Makoswe amakwera mitengo usiku n'kudya mazira, anapiye, ngakhale make ali pa chisa. Zomera zobwera monga kāhili ndi gwafa wam'tchire zimatsamwitsa zitsamba za maluwa. Namondwe Iwa mu 1982 ndi Iniki mu 1992 anagwetsa mitengo ndi kuyoyola maluwa, ndipo mbalame zochepa zikaunjikana pa phiri limodzi, namondwe mmodzi angathe kuwononga zambiri. Ndiye pali matenda a mtengo wa ʻōhiʻa weniweniwo, oyamba ndi bowa wa mtundu wa Ceratocystis, amene amatseka njira za madzi mu thunthu moti masamba amauma m'masabata ochepa. Anapha mitengo yambirimbiri pa chilumba chachikulu, ndipo mu 2018 anapezeka ku Kauaʻi. ʻŌhiʻa akatha, ʻanianiau alibe chakudya ndi pomanga chisa, udzudzu ukhalepo kapena usakhalepo.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi ʻamakihi wa pa chilumba chachikulu. Kumeneko mbalame zina za mtundu umenewu zinayamba kupirira malungo, ndipo zinabwereranso m'nkhalango za m'munsi mmene udzudzu uli wambiri. Thupi la mbalame lingaphunzire, koma limafuna mibadwo yambiri ndiponso mbalame zochuluka zoti zolimba zisankhikepo. Ntchito ya helikopita ndi yogulira nthawi imeneyo.

Za madzi a shuga, muuzeni mwanayo kuti mtima wake ndi wabwino, koma asaike. ʻAnianiau satsika kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo atatsika ndiye kuti walowa m'dera la udzudzu. Zimene zingabwere pakhonde panu ndi mbalame zobwera, zambiri mwa izo zonyamula kachilombo popanda kudwala, pamodzi ndi nyerere. Ngati akufuna ntchito, mupatseni iyi, imene inu mukuidziwa kuposa ine: kamodzi pa sabata azizungulira nyumba n'kukhuthula madzi m'mbale za pansi pa maluwa, m'matayala, m'zidebe ndi m'zoseweretsa. Ngati muli ndi mphaka, azikhala m'nyumba. Mungagulenso mbande ya ʻōhiʻa ku nazale ya pa chilumba chomwecho kuti aibzale ndi kuisamalira yekha.

Mukamabwerera ku Kōkeʻe, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mubwerere, lawirirani m'mamawa pamene mbalame zikuimba. Njira ya Pihea ndi ya Alakaʻi Swamp ndi zimene zimalowa m'nkhalango yeniyeni, ndipo mbali ina anayalamo matabwa, koma matope ake ndi oterera, choncho ana aang'ono musawafikitse patali. Pezani mtengo wa ʻōhiʻa umene wachita maluwa, khalani pansi chete, mudikire. Mbalame zidzabwera zokha. Musaziitane ndi mawu ojambulidwa pa foni, chifukwa wamphongo amasiya kudya ndi kulondera chisa n'kumafunafuna mdani amene kulibe. Nsapato muzichotsa matope onse ndi bulashi polowa ndi potuluka, kenako kuzipopera ndi spiriti ya 70 peresenti, imene kuntchito kwanu simuisowa. Musathyole nthambi kapena duwa la ʻōhiʻa, chifukwa bowa uja amalowera pa bala, ndipo nkhuni zake musazinyamule kupita nazo kwina. Pa nyumba yosungira zinthu zachilengedwe ya ku Kōkeʻe pali zithunzi zimene zingathandize mwana wanu kusiyanitsa timbalame tachikasu tija.

Mukapeza mbalame yodwala kapena yakufa, musaigwire ndi manja, ndipo ana asaiyandikire. Chifukwa chake si malungo, ndi chimfine cha mbalame cha H5N1, chimene chinapezeka ku Hawaiʻi kumapeto kwa 2024 ndipo chingagwire munthu. Jambulani chithunzi, sungani malo ake pa foni, n'kudziwitsa ofesi ya boma ya zankhalango ndi nyama zam'tchire (Division of Forestry and Wildlife) ya ku Kauaʻi tsiku lomwelo, chifukwa mtembo wa kambalame kotere umaonongeka msanga ndipo akatswiri amafuna kuuyeza ukadali wabwino. Mbalame ya m'chilengedwe cha kumeneko ikakhala yovulala koma yamoyo, a Save Our Shearwaters ndi amene amalandira. Aimbireni kaye akuuzeni chochita, musayese kuimwetsa madzi kapena kuidyetsa. Mukaona mtengo wa ʻōhiʻa umene masamba ake onse afiira mwadzidzidzi ali pa nthambi pomwepo, nenaninso ku ofesi ya zankhalango ija. Ndipo ngati inu kapena bambo muli ndi Loweruka lopuma, a Kauaʻi Forest Bird Recovery Project amalandira anthu ongodzipereka, ndipo amayendera masukulu kukaphunzitsa ana. Namwino wodziwa udzudzu ndi malungo ngati inu angawathandize kwambiri pofotokozera anansi amene akuopa helikopita ija monga munkaopera inu.